Masekondi 30 Amene Ndinasankha

Kanema yense anali wa mphindi zinayi. Anthu anaona masekondi 30 okha, ndipo wosankha masekondiwo ndinali ine. Ndayesapo kangapo kuikamba nkhaniyi mozungulira, kuti ndizioneka ngati munthu wongodutsa amene zinthu zinangomuchitikira pamaso. Ndikaikamba choncho anzanga amandivomereza. Koma ndikagona imabwerera pomwe paja: ndili pampando wakumbuyo mu kombi, minibasi ya ku Tafara kuno ku Harare, chala chachikulu chikukoka kamzere kodulira kanema, ndikumwetulira ndekha.

## Tebulo langa

Ndimakonza mafoni m'tauni, chakufupi ndi renki ya Copacabana. Ndikati shopu ndiye kuti ndadzitama. Ndi tebulo limodzi m'chipinda chomwe timagawana anthu asanu ndi mmodzi, wina wa mawigi, wina wa zodzola, ine ndi masikirini anga osweka ndi fungo la waya wopsa. Ntchito ikachepa ndimathira anthu mafilimu pa flash ndi pa memory card, dola imodzi mafilimu asanu. Wophika salephera kulawa, ndiye ambiri mwa mafilimuwo ndimayamba ndawaonera ndekha.

Amene amandigwira mtima ndi a umbanda, makamaka aja amene mfuti ndi kamera zimayendera limodzi. Nightcrawler ya 2014 ndinaionera kasanu. Jake Gyllenhaal amasewera ngati Lou Bloom, mnyamata wowonda wa maso otong'oka, wakuba zitsulo ku Los Angeles. Usiku wina apeza anthu akujambula ngozi ya galimoto, amva kuti zojambulazo amakagulitsa ku TV. Aba njinga, aisinthanitsa ndi kamera ndi kawailesi komvera mauthenga a apolisi, basi ntchito yayambika. Usiku wonse ndi liwiro kuthamangira komwe kwakhetsedwa magazi, m'bandakucha n'kukagulitsa kwa mayi woyang'anira nkhani pa siteshoni ina yotsalira m'mbuyo. Mayiyo samubisira: imfa ya m'makomboni a amphawi siigulika, yofunika ndi yogwera olemera m'nyumba zawo zabwino.

Pali malo amodzi pomwe ndinkaimitsa filimuyo n'kuitana anzanga a m'chipinda muja. Lou wafika pa ngozi apolisi asanabwere. Mtembo wagona pamdima, mu kamera sukutuluka bwino. Iye aika kamera pambali, akokera mtembowo pomwe pakuwala magetsi a galimoto, abwerera pamalo pake, ajambula. Tinkafuula tonse, “Koma munthu uyu ndi satana!” Kufuulako kunkakoma. Ukaona woipa wokuposa, umadzimva ngati wangosamba kumene.

## Lachisanu lija

Munali mu June 2022, kuzizira kwa ku Harare kuja kolowa m'mafupa dzuwa likangopendeka. Ndinali nditatseka tebulo, ndikuyamba kudula tauni wapansi kukakwera kombi ku Fourth Street. Ndinali ndi mnzanga wa ku Balaka amene amagulitsa machaja pakhomo pathu. Tisanapite patali tinamva mayi akukuwa, kenako mawu amene aliyense wokhala kuno amawadziwa: “Mbavha! Mbavha!”

Foni ndinangoipeza ili m'manja, kadontho kofiira kakuphethira.

Anali atamugwira kale. Mnyamata wamng'ono, wa juzi yotuwa yomukulira, wogulitsa mazira owiritsa. Ndowa yake yapulasitiki inali itagubuduzika, mazira ali mbwee pa tara, anthu akuwaponda, kabotolo ka mchere wosakaniza ndi tsabola katagwera m'ngalande. Makofi, zibakera, wina lamba. Iye anadzipinda ngati bongololo, manja kumutu. Ndiye analira, ndipo sanalire m'Chishona. Anati, “Mayo! Mayo ine, ndikufa! Sindinabe!”

Apa ndi pomwe munthu amayenera kunena kuti mtima unamupweteka atamva chilankhulo cha kwawo. Unandipweteka, pang'ono. Koma chisonicho chinabwera pambuyo. Choyamba kufika m'mutu chinali chakuti, kanema ameneyu pa gulu lathu la Amalawi ayaka moto.

Kutsogolo kwanga kunaima munthu wamtali, mnzanga uja nayenso akusuzumira cha pomwepo. Ndinamukankha ndi chigongono n'kunena mokweza, “Tasuntha iwe, ukutchinga!” Mawu atatu amenewo analowa mu kanema.

Pakati pa omenyawo panali hwindi wina wa jekete yabuluu, amene ndinkamuona tsiku ndi tsiku akuitanira makombi a ku Kuwadzana. Anamumenya mnyamatayo theche la m'nthiti. Kenako anadzutsa mutu, kuunguza uku ndi uku, mpaka maso ake anapeza foni yanga. Ine sanandiyang'ane, anayang'ana kadiso ka kamera. Anafunsa, “Watora here?” Wajambula?

Thechelo silinatuluke bwino chifukwa cha wamtali uja. Ndiye ndinapukusa mutu.

Iye anaseka. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu ngati womenya penate, anadikira kuti anthu apatuke, n'kuthamanga. Phokoso lake silinali lalikulu, linali ngati waponda katoni yonyowa. Mnyamata uja anasiya kulira.

Nthawi yomweyo mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, wathupi, wa duku lofiira, anabwera akukankha amuna ngati akudutsa m'munda wa chimanga. Anamasula chitenje chake, kuno amati zambia, n'kumufunditsa mnyamatayo. Kenako anagwada n'kumuphimba ndi thupi lake lomwe. Lamba wina anamupeza iyeyo pamsana, koma sanasunthe. Ankangobwereza, “Mwana wemunhu uyu! Mwana wemunhu!” Manja a anthu anayamba kutsika limodzilimodzi. Wina anapisa m'matumba a mnyamatayo n'kupezamo timakobidi ta mazira ndi kafoni kake ka mabatani. Foni yosowayo munalibe. Mwini wake anali atakwera kale kombi. Gulu linabalalika monga limachitira mpira ukatha.

Ine ndinazimitsa kamera, ndinaonetsetsa kuti kanema wasungika, n'kunyamuka.

## Lumo

Masiku amenewo status ya WhatsApp inkalola masekondi 30 okha pa kanema mmodzi. Ukhoza kuika zidutswa zingapo, koma tonse timadziwa kuti anthu amaonera choyamba, chachiwiri amadumpha. Bandulo nayonso ndi ndalama. Ndiye kombi ikudutsa Msasa mu Mutare Road, ine ndinali nditasanduka mkonzi wa nkhani.

Ndinayesa kuyambira pa mazira, ndinaona kuti pakuchedwa. Ndinayesa kuyambira pa “Mayo ine”, thechelo linatsala kunja. Pomaliza ndinapeza polowera pabwino: mawu anga akuti tasuntha, funso la hwindi, masitepe atatu, theche, chete. Zinakwana ndendende ngati nsapato yoyeza. Mayi wa tomato ankalowa kanema atadutsa mphindi ziwiri, ndipo chimene ankachita sichinali chokoma kuonera: msana wa munthu wagwada, nsalu, phokoso likuzilala. Sindinamuchotse chifukwa chomuda. Sindinamuganizire n'komwe.

Mu filimu ija, Lou amafika pa nyumba ina ya olemera zigawenga zisanachoke, azijambula nkhope ndi galimoto yawo, koma chigawo chimenecho amachidula asanapereke kanemayo, kuti adzachigwiritse ntchito tsiku lina. Ndinaziona kasanu zimenezo. Mu kombi muja sizinandibwerere ngakhale kamodzi. Tisanafike pokhotera ku Mabvuku ndinali nditatumiza kale.

## Dzina latsopano

Foni ya wokonza mafoni imakhala ndi manambala ambiri. Ndisanadye nsima oonera anali atapitirira 100. Kutacha, kanema wanga anabwerera kwa ine kuchokera m'magulu atatu, limodzi la ku Johannesburg, ali ndi timivi tija tosonyeza kuti wadutsa m'manja ambiri. Pofika Lamlungu masamba a miseche a pa Facebook anali atamutenga. Ena anaikapo nyimbo, ena anachedwetsa thechelo kuti lizioneka pang'onopang'ono, ndipo onse anadindapo chizindikiro chawo pakona. Ndinakwiya. Mundimvetse bwino: chimene chinandikwiyitsa chinali chizindikirocho. Ntchito ndagwira ine, dzina atenge ena?

M'munsi mwake munali ndemanga. Popeza mnyamatayo analira m'Chichewa, nkhani sinakhalenso ya foni, inakhala ya ife tonse. Mayina aja amene makolo athu akhala akuwameza kuyambira nthawi ya m'mafamu ndi m'migodi anatulukanso, mabwidi, mabhurandaya, abwerere kwawo. Ndinawerenga zonsezo ndikumwa tiyi, ndikudandaula kuti anthu ndi oipa mtima.

Hwindi uja anadzuka ali munthu wina. Pa renki anayamba kumutchula dzina la wosewera mpira wina wotchuka. Madalaivala ankamuimbira hutala. Ana asukulu ankabwerera m'mbuyo masitepe atatu n'kumenya chibotolo, anzawo akufa ndi phwete. Kayendedwe kake kanasintha, mapewa anakwera. Ndipo patapita masiku angapo, pamene kunamvekanso “mbavha” cha kumunsi kwa renki, ndinaona chinthu chimene chinandiziziritsa nkhongono: anyamata awiri akuthamangira kumeneko, koma maso ali m'mwamba, kufunafuna komwe kwakwezedwa mafoni.

Njala imeneyi siinayambire pa Copacabana. Pa 15 March 2019 munthu wina anapha anthu m'mizikiti iwiri ku Christchurch, ku New Zealand, akuulutsa pa Facebook nthawi yomweyo, kamera ataimangirira kumutu. Anthu 51 anafa. Nduna yaikulu ya dzikolo panthawiyo, Jacinda Ardern, inalumbira kuti sidzatchula dzina lake, chifukwa dzinalo ndi limene munthuyo ankalifuna. Facebook inanena kuti inachotsa makope 1.5 miliyoni a kanemayo m'maola 24 oyamba. Koma ine, kuno ku Harare, ndinkamupezabe m'mafoni a makasitomala posamutsa zinthu zawo, ali pakati pa zithunzi za ukwati ndi nyimbo za kwaya. Nthawi imeneyo ndinkapukusa mutu n'kumati, anthu awa bwanji.

## Nsapato zachilendo pakhomo

Ndimakhala ndi malume ku Tafara. Anabwera kuno ali mnyamata, akalambira konkuno, ndipo palibe maliro a Mmalawi m'dera lathu amene iwo sakhalapo. Lamlungu lachiwiri chichitikireni zija, ndikuchokera kometetsa, ndinapeza nsapato zachilendo pakhomo. M'nyumba munali mkulu wa mpingo wina wa ku Epworth, ndi mayi wachikulire amene anakana mpando n'kukhala pamphasa, miyendo atatambasula, manja ali pachifuwa.

Mukudziwa mmene akulu amayambira. Moni, kuzizira kwa chaka chino, mtengo wa ufa, amene anatisiya mwezi watha. Ine ndinakhala pakhonde la chitseko, mtima uli phaphapha, chifukwa malume sanandiyang'ane chilowereni. Kenako mkulu uja anatsokomola n'kunena kuti abwera ndi mayiwa, amene ndi azakhali a mwana wina amene anavulazidwa m'tauni. Mawu anga a mu kanema anawazindikira ndi mayi wina wa kwaya amene ndinamukonzerapo foni kawiri.

Malume anangoti, chapansipansi, “Ukayenda siya phazi, mphwanga. Ukasiya mlomo umakutsata.”

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo mayankho ndinali nditakonza: sindinamenye munthu, ojambula tinalipo ambiri, kanemayo ndi umboni. Koma azakhaliwo sanakweze mawu. Anafotokoza ngati akuwerenga mndandanda wa zogula. Nthiti ziwiri zinathyoka. Khutu lamanja silikumva. Usiku amagona chokhala. Kunja satuluka, chifukwa ana a m'dera lawo amamutcha mbavha ya pa foni. Iwo anali ataganiza zoti asawauze amayi ake ku Dedza mpaka mwanayo atayamba kuyenda, popeza amayiwo ali ndi BP. Koma amayi ake anamuona kuchigayo, pa foni ya mtsikana wina amene sankadziwa kuti akuonetsa ndani. Anamuzindikira ndi kulira.

Kwathu uthenga woipa uli ndi miyendo yake. Amatuma munthu wamkulu, amafika, amakhala pansi, amayamba ndi kunena kuti wodwala uja zavuta, mpaka mtima wa wolandira utakonzeka. Ine ndinadumpha zonsezo ndi chala chimodzi, uthenga n'kukamupeza mayi ali ndi thumba la mgaiwa pamutu.

“Achimwene,” anatero azakhaliwo, “inu munalipo. Kanemayu akuthera mwana ali chigonere. Iye sakukumbuka kanthu. Ndimafuna ndidziwe kuti anadzuka bwanji.”

Ndinatulutsa foni n'kuwapatsa mphindi zinayi zonse. Anaigwira ndi manja awiri, patali ndi maso, monga amachitira anthu osowa magalasi. M'nyumba monse munadzaza phokoso la pa renki. Pa mazira anaphethira. Pa theche sanatseke maso. Mayi wa tomato atalowa n'kumasula chitenje, azakhaliwo anatulutsa mpweya wautali n'kunena, “Kani panali munthu.”

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma anapempha kuti ndibwezerenso poyamba. Titafika pa funso la hwindi, anati ndiimitse.

“Apa akufunsa inu?”

“Eya, amayi.”

“Ndiye chithunzichi chagwedezeka, chapita uku, chabwerera uku.” Anasonyeza ndi dzanja, kumanzere, kumanja. “Munakana chiyani?”

Ndinali nditaonera kanemayo kosawerengeka. Ndinamudula, ndinamuyeza, ndinamunyadira. Sindinaonepo kuti pamene ndinkapukusa mutu, dzanja nalonso linapukusika. Yankho langa linali momwemo nthawi yonseyi, aliyense ankatha kuliona, koma analiona ndi mayi wosoweka magalasi amene sanaonerepo filimu ya Lou Bloom.

Ndinawauza. Anandifunsa ngati ndajambula, ine ndinati ayi, iye anabwereza. Mkulu wa mpingo anayang'ana kudenga. Malume anadzuka n'kutuluka panja, ndinawamva akusuntha mipando yomwe sinkafunika kusunthidwa. Azakhaliwo anandibwezera foni n'kupukuta manja pachitenje.

Ndalama za mankhwala ndinapereka. Sanakane, sanathokozenso. Chimene anapempha n'chakuti ndiwadulire chigawo cha mayi wa tomato, atumize ku Dedza, amayi ake aone kuti mwana wawo sanasiyidwe yekha pa tara.

## Chimene mafilimuwa amandibisira

Sindinasiye kuwaonera mafilimu aja, koma kaonedwe kanasintha. Ndinafufuza akale omwe. Mu 1951 Billy Wilder anapanga Ace in the Hole, momwe Kirk Douglas ndi mtolankhani wogwa ulesi ndi ntchito ya m'tauni yaing'ono ku New Mexico. Apeza munthu atapanikizika m'phanga. Njira yomutulutsira msanga ilipo, koma iye anyengerera akuluakulu kuti aboole phirilo kuchokera pamwamba, ntchito ya masiku ambiri, kuti nkhani italike. Kunja kwa phangalo kumera msika, magalimoto, zisudzo, ogulitsa zakudya, ndipo munthu uja afera momwemo. Filimuyo itatuluka sinagulike ku America. Ndikuganiza kuti n'chifukwa choti inaloza chala gulu la oonerera, ndipo gululo ndi lomwe linkagula matikiti.

Ambiri obwera pambuyo pake anachenjera. Amakupatsa chilombo choti uchide. Mu Natural Born Killers ya Oliver Stone, ya 1994, Mickey ndi Mallory amapha anthu m'misewu ya America n'kumasiya mmodzi wamoyo kuti akafalitse mbiri yawo, ndipo mtolankhani wa pa TV amawasandutsa ngwazi. Pamapeto amamupha mtolankhaniyo kamera yake ikujambula, poti kamera ikwanira kukamba nkhani. Amati filimuyo imadzudzula TV yokonda magazi. Mwina. Koma pa tebulo langa palibe anandiuzapo kuti ndimuthirire ija yodzudzula atolankhani. Amati, “Ndiikireni ija amaphana kwambiri.” Ndipo ndimawaikira. Wodzudzula magazi nayenso amafunika magazi kuti agulitse, ndiponso amawajambula mokongola kuposa amene akuwadzudzulawo.

China n'chakuti m'mafilimu onsewa woipa amalipidwa. Lou amatsutsana mtengo, pamapeto ali ndi magalimoto a kampani yake ndi antchito atsopano. Ngakhale nkhani yeniyeni imene anthu amakonda kuitchula ndi ya ndalama ndi mpando: Wallace Souza wa ku Manaus, ku Brazil, wapolisi wakale amene anatchuka ndi pulogalamu ya umbanda yotchedwa Canal Livre mpaka kusankhidwa kukhala phungu wa chigawo cha Amazonas. Mu 2009 apolisi anamuimba mlandu woti ankatuma anthu kukapha kuti ojambula ake azifika poyamba. Iye anakana, ndipo anamwalira mu 2010 mlandu usanagamulidwe. Nkhani zotere zimatipumitsa. Timati vuto ndi dyera, ndi eni masiteshoni, ndi anthu a kutali a masuti. Ine sindinalandire ngakhale senti imodzi. Bandulo ndinagula ndekha. Malipiro anga anali kanambala kaja ka pansi pa status, kamene ndinkakasuzumira mphindi iliyonse ngati mphika wa pamoto.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere koposa ndi ichi. Lou atakokera mtembo uja powala, filimu imapita naye limodzi ku siteshoni, kenako kunyumba kwake komwe akuthirira kaduwa n'kumaonera ntchito yake pa TV. Sipita kwa mkazi wa malemuyo. Sitiona amene anasambitsa thupilo, kapena amene anaimba foni kumudzi. Zimenezo n'zochedwa, zilibe nyimbo, oonera angadumphe. Ndiye kuti nayonso filimu imene inkandiphunzitsa kudana ndi Lou inadula pomwe ndinadula ine. Mayi wa tomato sakwana m'masekondi 30, ndipo m'maola awiri a ku Hollywood simumupezanso.

## Mawa

Mnyamata uja anabwerera kumudzi mu August, pa basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete. Malume anandilamula kuti ndikamunyamulire chikwama. Pokwera ndinati, “Pepani, achimwene.” Anatembenuza mutu kuti khutu lamanzere ndilo liloze kwa ine, ndipo ndinayenera kubwereza mokweza, anthu a pamzere akumva. Anagwedeza mutu n'kukwera.

Chigawo cha mayi wa tomato ndinachiikanso pa status. Oonera sanafike 70. Sichinabwerere kwa ine kuchokera ku gulu lililonse. Mmodzi yekha ndi amene anayankha, kufunsa ngati pali part 2 pomwe akumumenyanso. Mayiyo akugulitsabe pamalo pake. Ndimagula tomato kwa iye ngakhale ku Tafara ali wotchipa, ndipo iye amandiona ngati kasitomala wosadziwa kutsitsa mtengo.

Miyezi ingapo yapitayo hwindi uja anatulukira pa tebulo langa. Jekete ndi yomwe ija, koma yasuluka. Dzina la wosewera mpira linatha, pa renki pali ena atsopano amene ali ndi makanema awo. Anati foni yake inabedwa, ndipo makope amene atsala pa intaneti ndi osaoneka bwino, odzaza zizindikiro za anthu. Wina anamuuza kuti woyambirira ali ndi ine. Anaika dola patebulo.

Ndinatembenuza laputopu n'kumuonetsa mphindi zinayi zonse. Anaonera ataima, manja m'thumba. Pa masitepe atatu anamwetulira, milomo ikuyenda ngati akuwerenga nawo. Mayi wa duku lofiira atalowa, anayamba kuyang'ana mawigi a mnzanga. Kanema atatha anandiuza m'Chishona kuti amayi awo ndiwachotse, iye akufuna pake pokha.

Ndinamukankhira dola yake n'kumuuza kuti kompyuta ikuvuta, abwere mawa. Anabweradi. Ndinamuuzanso kuti mawa. Sabata yatha anadutsanso, sanalowe, anangoima pakhomo n'kukweza nsidze. Wa mawigi anandiyang'ana. Ine ndinali ndi foni ya munthu yotsegula m'manja, timasikuluwu tili pa kapepala, ndipo ndinapukusa mutu.